Kuwerenga kopanda mayeso: mmene mungayambire muli pa yunivesite kuno ku Mangochi

Wophunzira akati "ndikukawerenga," aliyense amadziwa chimene chikukachitika. Akukakhala pa desiki ndi manotsi, cholembera kukamwa, nkhope ili ndwii, chifukwa mayeso ali pakhomo. Palibe amaganiza kuti mwina munthuyo akukasangalala. Kuchokera Sitandade 8 kukafika Fomu 4 tinaleredwa kuti buku ndi bwato lowolokera mayeso a Maneb. Ukafika tsidya, bwatolo umalisiya pagombe osalicheukiranso. Ngakhale mabuku a nthano ndi ndakatulo a ku sekondale aja tinkawamwa ngati kwinini: kutsinzina, kumeza, kenako kuloweza mayina a atengambali ndi maphunziro opezeka m'nkhani.

N'chifukwa chake mesho wanu akakupezani mwagona chagada ndi buku lopanda dzina la kosi pachikuto, funso lake limakhala limodzi: "Aise, zibwera pa mayeso zimenezo?"

Sizibwera. Ndipo kuwerenga kumeneko, kumene palibe adzakufunseni kapena kukuchongani, ndi kumene ndikufuna tikambirane, achimwene ndi achemwali anga: inu a pa DMI St John the Baptist, inu a Kamuzu University of Health Sciences amene mumabwera kuno kudzaphunzira zaumoyo wa anthu m'midzi, a ku koleji ya zausodzi ku Mpwepwe, ndiponso inu a ku Zomba, Blantyre, Bunda, Thyolo ndi Mzuzu amene holide imakupezani kwanu ku Mpondasi, Malindi, Namwera kapena Monkey Bay. Ine ndinayamba mochedwa, ndili chaka chachiwiri, ndipo ndinaphunthwa kangapo ndisanaione njira.

Choyamba, lekanitsani mbale

Nsima ya pamaliro ndi nsima ya paukwati ufa wake ndi umodzi, koma mtima wodyera ndi wosiyana. Thupi lanu linazolowera kuti mpando wa mulaibulale, desiki ndi cholembera ndiye ntchito. Mukatenga buku la nthano n'kukakhala pamalo omwewo, mphindi khumi sizitha musanayambe kuyasamula. Choncho buku locheza nalo lipatseni malo akeake: pamkeka pakhonde, pansi pa mtengo wa mango, pabedi m'kati mwa neti, kapena pamchenga ngati mwatsikira ku Makawa kaya ku Nkope. Cholembera chitsale m'chikwama. Osalemba manotsi, osadula mizere, osadzifunsa kuti mutu umenewu ukundiphunzitsa chiyani. Ngati muli phunziro, lidzakupezani lokha, mwina patapita zaka.

Chachiwiri, sankhani buku ndi njala yanu, osati ya anthu ena

Apa ndi pamene ambiri timagwera. Munthu akaganiza zoyamba kuwerenga amafunsa mnzake wooneka wanzeru, ndipo wanzeruyo, pofuna kuteteza mbiri yake, amatchula chibuku cha masamba 600 cholembedwa ku Ulaya makolo athu asanaone njinga. Apo ayi akupatsani aja a mmene mungalemerere, amene mavenda amayala mbwee m'misewu ya ku Blantyre ndi Lilongwe. Sindikuwanyoza, koma ambiri mwa amenewo mfundo yake imathera pa mutu woyamba, kwinako n'kubwereza; ndiponso munthu amawawerenga ndi mtima wa mayeso womwe uja, wofuna kukololapo kanthu. Imeneyo ndi ganyu ina.

Dzifunseni chonchi: ndikakhala ndi anzanga pa chiwaya madzulo, nkhani imene imandiiwalitsa kuti chipisi chazizira ndi iti? Ngati ndi ya zibwenzi ndi kukanidwa, funani buku la chikondi, musachite nalo manyazi. Ngati ndi ya mbava ndi apolisi, alipo mabuku a ofufuza milandu amene munthu sugona nawo tulo. Mpira, ndale, ufiti, maulendo, chipembedzo, moyo wa anthu otchuka, chilichonse chili ndi mabuku ake. Langa loyamba linali la mkaidi wina wothawa m'ndende, buku lopanda chikuto, masamba awiri omalizira atadyedwa ndi chiswe. Mpaka lero sindidziwa ngati anamugwira. Koma mbedza imene inandikola ndi imeneyo.

Njala ina imachokera pa zinthu zimene mumazidutsa tsiku ndi tsiku. Tauni yathu ino inayamba ngati linga la atsamunda mu 1891, dzina lake Fort Johnston. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi ija yokumbukira Mfumukazi Victoria, ndipo pambali pake pali mzinga wa sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangobuka, inakaombera n'kuononga sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann ku gombe la kuvuma kwa nyanja yathu yomweyi. Pomwepo palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946. Ambirife timadutsapo pa kabaza maso ali pafoni. Tsiku lina tsikani, muwerenge zolembedwa pamenepo, mulowenso mu Lake Malawi Museum imene ili chapafupi. Mukatuluka mutu uli ndi mafunso, ndiye kuti mwalidziwa buku lofuna: la mbiri ya nyanja, la malonda a minyanga ndi akapolo, la mafumu Mponda, Makanjira ndi Jalasi. Ndipo ngati kwanu mumayankhula Chiyao, dziwani kuti mbiri ya Ayao inalembedwa m'Chiyao chenicheni ndi Yohanna Abdallah, n'kusindikizidwa ku Zomba mu 1919 pa mutu wakuti Chiikala cha Wayao. Kuliwerenga kuli ngati kukhala pamapazi pa agogo a agogo anu.

Posankhapo malamulo ndi awiri okha. Buku likhale lopyapyala, losapitirira masamba 200, kuti mulawe msanga kukoma kofika pa tsamba lomaliza. Linalo ndi limene sukulu sinatiuzepo: mukhoza kulisiya panjira. Lipatseni masamba 30. Likapanda kukugwirani, libwezeni mutenge lina. Palibe adzakudulani malikisi. Koma osanyamula anayi nthawi imodzi n'kumalumphira ili ndi ilo. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Ndinenepo za chilankhulo. Ena amaona ngati wa pa yunivesite akagwira buku la Chichewa ndiye kuti watsika. Bodza. Samuel Ntara anatulutsa Nthondo m'Chinyanja mu 1933, ndipo chaka chotsatira Azungu anachita kulimasulira m'Chingerezi kuti nawonso alaweko. Chimene mudzaone n'chakuti Chichewa cholembedwa chizikuchedwetsani kuposa Chingerezi, poti munasiya kuchiwerenga mutangolemba MSCE, ndipo chimene mumaona pa WhatsApp ndi chodulidwa miyendo. Mankhwala ake n'kuwerenga mokweza masamba awiri kapena atatu oyambirira. Khutu likuchidziwa kale; lisiyeni litsogolere maso.

Chachitatu, kolipeza thumba lili mbee

Ndalama ya wophunzira tonse tikuidziwa. Ikangofika: ya nyumba, ufa, makala, fotokope, bandulo, basi yatha. Buku latsopano la m'sitolo silingalowe pamzere umenewo mwezi uliwonse. Ndiye yambirani kumene sakufunsani khobidi.

Laibulale ya pasukulu panu ambiri timangoidziwa malo awiri, shelefu ya kosi yathu ndi soketi yotchajira foni. Pitani kwa oyang'anira laibulale, mupereke moni, munene mosabisa kuti, "Bambo, ndikufuna buku longowerenga, la nthano." Mudzaona nkhope yawo ikuwala, chifukwa chaka chonse amangofunsidwa mapepala a mayeso akale. Ngati mukufuna kudzifunira nokha, yang'anani manambala a pamsana pa mabuku. Kumene amatsata manambala a Dewey, nthano, ndakatulo ndi zisudzo zimakhala pa 800 kukafika 899, zolembedwa m'zilankhulo za mu Africa zili pa 896, ndipo mbiri ndi maulendo zimayambira pa 900. Kumene manambala amayamba ndi zilembo, funani P, makamaka PR ndi PL. Mashelefu amenewo kawirikawiri amakhala a fumbi, ndipo mabuku ake sawalimbirana.

Kenako pali National Library Service, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967 ndipo ili ndi nthambi m'maboma angapo. Funsani imene ili pafupi nanu mudule khadi la umembala.

Koma nkhokwe yeniyeni ili m'nyumba za anthu. Aphunzitsi opuma pantchito, abusa, ansembe ndi masisitere ku parishi, mashehe, anamwino akale: ambiri mwa iwo ali ndi katoni ya mabuku pansi pa bedi, ana awo analowera ku tauni osatengapo ngakhale limodzi. Kagogodeni mwaulemu, mudzitchule kuti ndinu mwana wa ayani ndipo mukuphunzira kuti. Mukabweza loyamba pa tsiku limene munalonjeza, lachiwiri adzakusankhirani okha, mwinanso ndi tiyi. Malo ambiri ogona alendo ku Cape Maclear ndi ku Monkey Bay amakhalanso ndi kashelefu ka mabuku osiyidwa ndi alendo, ndipo ena amalola kusinthana: usiye limodzi, utenge limodzi. Safunsa anadya phula.

Mukakhala ndi kangachepe ndipo ulendo wakufikitsani ku Zomba, Limbe kapena Lilongwe, imani pa mavenda a mabuku a kaunjika. Nenererani ngati mukugula nsapato. Koma musanapereke ndalama, tsegulani kumapeto muone ngati tsamba lomaliza lilipo. Ndakuuzani kale za mkaidi wanga uja. Ndipo kamodzi pa semesita yesetsani kugula buku limodzi latsopano la mlembi wa kuno kwathu: masitolo a CLAIM, a Montfort Media ku Balaka, a Kachere ku Zomba ndi kumene mungayambire. Zonse zikakanika, nyuzipepala za kumathero a sabata zimakhala ndi nkhani zifupizifupi ndi ndakatulo, ndipo masamba a Chichewa a Tamvani mu Weekend Nation ndi Tikambe mu Malawi News munthu akhoza kukubwerekani ulere akamaliza kuona zampira.

Chachinayi, nthawi musaifune, itoleni

"Ndilibe nthawi" ndi nyimbo ya aliyense, ndipo ngati mukudikira ola lathunthu lopanda chochita, silidzabwera. Koma taonani mmene tsiku la kuno limayendera. Minibasi ya ku Liwonde imati "watsala mmodzi" kwa mphindi 40. Galimoto ya ku Makanjira ndiye musachite kunena. Mzere wa ku banki, benchi la kuchipatala, mphunzitsi amene wachedwa, nyemba zimene zili pambaula. Nthawi yonseyi pakadali pano ikudyedwa ndi chala chopalasa foni. Buku lizikhala m'chikwama tsiku lililonse, lili mu jumbo chifukwa cha mvula ndi thukuta, ndipo mukangokhala pansi kudikira chinthu, dzanja lizipita ku buku lisanafike kuthumba la foni. Sabata yoyamba dzanjalo lizikana. Likakamizeni.

Tiwerengere limodzi. Masamba 10 patsiku ndi mphindi 20 kapena kucheperapo. Buku la masamba 200 latha m'masiku 20. Pa semesita ya miyezi inayi ndiye mabuku asanu, mwina asanu ndi limodzi, popanda kuba ngakhale ola limodzi la kosi yanu.

Kuwonjezera pa nthawi yotolayo, khalani ndi kanthawi kamodzi kokhazikika, ndipo mukamangirire ku chinthu chimene mumachita kale: mukangomaliza swala ya m'bandakucha, tiyi ali pamoto, kapena mukangolowa m'neti usiku. Nyengo ya kuno muziiganizira. Mu Okutobala ndi Novembala masana mutu sugwira, malata ali lawilawi, ndipo buku limangosanduka chokupizira mphepo. Werengani m'mamawa dzuwa lisanakwiye. Mu Juni ndi Julayi, mwera ukamawomba, ndiye nyengo yake ya mabuku onenepa. Magetsi akathima gwiritsani tochi kapena kanyali ka sola. Kandulo m'kati mwa neti ayi ndithu; neti imayaka ngati udzu wa m'chilimwe.

Chachisanu, foni muimange pakamwa

Foni si mdani, koma ndi mnzako wolongolola amene sakulola kumaliza chiganizo. Buku la pepala likasowa, ikhoza kukhala laibulale yanu. Dawunilodani buku muli pa Wi-Fi ya pasukulu kapena pa bandulo ya usiku. Buku la mawu okhaokha limadya deta yochepa kuposa kavidiyo kamodzi ka pa TikTok. Laibulale ya pa intaneti ya Project Gutenberg, imene inayamba mu 1971, ili ndi mabuku oposa 70,000 aulere, ndipo si akuba, ndi akale amene umwini wa alembi ake unatha. Chingerezi chake n'chamakedzana, choncho yambani ndi nkhani zifupizifupi. Sankhani EPUB osati PDF. PDF pafoni imakukokeretsani tsamba uku ndi uku ngati khoka, pamene EPUB imadzikonza yokha kukwana pa sikirini ndipo zilembo mukhoza kuzikulitsa mmene maso anu akufunira.

Mukatsegula buku, thimitsani deta. Sindikunena zochepetsa mawu a foni, ndikunena kuthimitsa. Uthenga umodzi wa pa gulu la kalasi, woti wina wataya chaja, ndi wokwana kukusocheretsani mphindi 30.

Ndikupempheni chimodzi. Buku la mlembi wa ku Malawi likamazungulira pa WhatsApp litajambulidwa tsamba ndi tsamba, lifere pa inu. Alembi athu ambiri amasindikiza makope ochepa, kawirikawiri ndi ndalama za m'thumba mwawo. Kuli bwino musonkherane anthu asanu mugule limodzi.

Chachisanu ndi chimodzi, mawu ovuta alambalaleni

Chizolowezi cha m'kalasi chimati liwu lililonse lachilendo uthamangire ku dikishonale. Mukatero nkhani imafa. Msodzi saimitsa bwato kuti afunse dzina la nsomba iliyonse yodutsa pansi. Pitirirani. Liwu lofunika limabweranso, ndipo pofika kachitatu mwalimva kale kuchokera kwa anzake oyandikana nalo. Likakana ndithu, nkhani n'kuima chifukwa cha ilo, pamenepo ndiye yang'anani. Ngati tsamba lililonse likukuimitsani kasanu kapena kupitirira, bukulo si la chaka chino. Libwezeni, mudzalipeza chaka chamawa. Mayina a anthu a ku Russia kapena ku Nigeria akakupindani lilime, apatseni anu. Ine wina ndinkangomutcha Che Bwanali mpaka buku kutha, ndipo sanadandaule.

Chachisanu ndi chiwiri, pezani oti muziwauza

Buku lokoma limayabwa pakamwa. Ukafika pamene mkazi uja wazindikira kuti kalata inalembedwa ndi mchimwene wa mwamuna wake, umafuna munthu woti umugwire paphewa. Pezani anzanu atatu kapena anayi, osapitirira asanu.

Izi si zachilendo pa sukulu za ukachenjede za m'dziko muno. Ku Chancellor College, kuyambira 1970, ophunzira ndi aphunzitsi ena ankakumana mu Writers Group kuwerengerana zolemba zawo ndi kutsutsana, pa nthawi imene kuyankhula momasuka kunali kuika moyo pachiswe. Mmodzi mwa iwo anali Jack Mapanje, mwana wa boma lino lomwe, wobadwira m'mudzi wa Kadango mu 1944. Buku lake la ndakatulo la Of Chameleons and Gods linatuluka mu 1981, ndipo kuyambira 1987 mpaka 1991 anamutsekera ku Mikuyu osamuzenga mlandu. Ndakatulo zimenezo sindingakulangizeni kuti muyambe nazo muli nokha. N'zokuluwika mwadala, poti mwini wake ankalemba akudziwa kuti ofuna kumugwira nawonso akuwerenga. Koma pagulu, wina akuwerenga mokweza, wina akuti "apa akunena akuluakulu aja," wina akukana, mudzaona bilimankhwe akusintha mtundu pamaso panu.

Koma chonde, musapange bungwe. Ife Amalawi tikakumana anthu asanu, pofika sabata yachiwiri pali wapampando, wachiwiri wake, mlembi, msungichuma, malamulo ndi chindapusa cha wochedwa. Gulu lathu loyamba linafera pamenepo. Tinakhala misonkhano itatu tikukangana za dzina la gulu ndi mtundu wa matisheti, buku osatsegula ngakhale limodzi. Lachiwiri linakhala zaka ziwiri chifukwa linalibe dzina.

Kayendetsedwe kake n'kosavuta. Ngati buku ndi limodzi, lizizungulira, aliyense sabata imodzi, ndipo pakhale kakope kolembamo amene ali nalo ndi tsiku limene analitenga. Popanda kakope kameneko buku limasowa ndipo aliyense amalumbira kuti anapatsa mnzake. Ngati aliyense ali ndi lake, muzikumana pa sabata ziwiri zilizonse, aliyense afotokoze pamene wafika. Tsiku lokumana lisankheni moganizira anzanu, poti kuno tinasakanikirana: Lachisanu masana ena ali ku mzikiti, Loweruka a Seventh Day ali ku tchalitchi, Lamulungu m'mawa enanso. Chotsala ndi Lamulungu chakumadzulo. M'mwezi wa Ramadan sunthani nthawi kuti muzikumana anzanu atamasula.

Pokambirana musayambe ndi funso la m'kalasi loti mfundo yaikulu ya bukuli ndi yotani. Mukatero onse akhala chete ngati mwalowa mphunzitsi. Yambani ndi miseche: ndani wakukwiyitsa m'bukumu? Ukanakhala iwe ukanamukhululukira? Kodi munthu ameneyu sakufanana ndi malume ako aja? Tsiku lina tinakangana mpaka mdima pansi pa mtengo wa mango, mtsikana wina wa unamwino akuumirira kuti mayi wa m'nkhanimo anachita bwino kuthawa pabanja, mnyamata wa ku Namwera akuti kwawo ankhoswe akanaikonza nkhaniyo tsiku limodzi. Palibe anagonja, ndipo sabata yotsatira onse awiri anabwera atawerenganso mutu womwewo kufuna umboni. Chindapusa chololedwa ndi chimodzi chokha: woulula mathero kwa amene sanamalize agulire onse thobwa.

Chachisanu ndi chitatu, mayeso akayandikira

Apa ndiyankhule ngati wolumidwapo. Chaka chachitatu, usiku woti mawa lake pali mayeso a pakati pa semesita, ndinati ndingowerenga mutu umodzi kuti mutu upole. Nditadzidzimuka tambala anali atalira kachiwiri, buku litatsala masamba 12, manotsi ali pomwe ndinawasiya. Ndinalowa m'chipinda cha mayeso maso ali psuu, ndipo malikisi amene ndinapeza sindinawauzepo makolo anga mpaka lero. Wolakwa sanali buku. Ndinali ine, amene ndinatsegula nkhani ya ofufuza milandu pa nthawi yolakwika.

Ndiye sabata ziwiri mayeso asanayambe, buku lokoka lija lipatseni mesho wanu alitsekere m'sutikesi. Koma musasiyiretu kuwerenga, chifukwa chizolowezi chikazima kuchiyatsanso n'kovuta. Sinthani chakudya: ndakatulo imodzi, kapena nkhani yaifupi imodzi yothera pomwepo, mutatseka manotsi, musanagone. Imatsuka m'mutu, ndipo tulo timabwera msanga kusiyana ndi pamene mwagona ndi mafomula akuzungulira m'maso. Kuwididwa, kuchotsedwa sukulu utalephera mayeso, chifukwa cha nthano sikungakhale nthano yokoma kukafotokoza kumudzi.

Za kasungidwe ndingonena mwachidule. Adani a buku kuno ndi chiswe, mphemvu ndi chinyezi cha dzinja. Osaliika pansi kapena kuligunditsa kukhoma. Likhale pamwamba, ndipo kamodzi pamwezi likutumuleni. Osapinda ngodya ya tsamba, kakhadi ka mayunitsi kotha ntchito n'kokwana kusungira pamene mwalekeza. La eni ake libwerere kwa eni ake, likadali ndi chikuto. Ndipo lanu mukalimaliza musalikhalire; lembani dzina lanu m'kati mulipereke. Kupatsa n'kuika.

Chomaliza, holide ikafika pitani nalo kumudzi

Semesita ikatha ambiri timasiya mabuku onse m'katoni ku hositelo ngati tikuthawa ngongole. Tengani awiri. Kumudzi adzakufunsani kuti sukulu mwatsekera, nanga mukuwerengeranji. Musayankhe ndi mawu ambiri, ingowawerengerani.

Ine ndinayamba mwangozi. Azakhali anga ankayanika usipa pathandala kugombe, ine nditakhala pamthunzi wa bwato lovundikira ndi buku la Chingerezi. Anandifunsa chimene chinkandisekesa ndekha ngati wamisala. Ndinayamba kuwafotokozera, kenako ndinangoti ndiziwerenga chiganizo n'kuchitembenuza m'Chichewa pomwepo, pena n'kuponyamo Chiyao pamene Chichewa chaperewera. Ntchito imeneyo ndi yovuta kuposa mayeso alionse amene ndinalembapo, ndipo ndi imene inandionetsa kuti ziganizo zina ndinkangozidutsa osazimva. Azakhaliwo sukulu analekeza Sitandade 2. Titafika pa tsamba la 40, pamene mnyamata wa m'nkhanimo ankalumbira kwa bwenzi lake kuti akangopeza ntchito ku tauni adzabwera kudzamutenga, anaimitsa dzanja pa usipa n'kunena kuti, "Ameneyo ngwabodza. Wachulutsa malumbiro. Sabweranso."

Ndinawauza kuti adikire, poti ine ndinkamukhulupirira mnyamatayo. Pa tsamba la 140 anakwatira mwana wa bwana wake.

M'mawa mwake ndisanasukusule n'komwe ndinamva kugogoda pa zenera. "Iwe, dzuka. Usipa wabwera wambiri lero. Ubwere nalo buku lija, tikamve ngati mtsikanayo apeze wina."